Khonsolo ikufuna kukweza msonkho wa pa malipiro: kodi ndani adzalipire, ndani adzavote?

Mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Ohio, m'dziko la America, wandilembera motere, mwachidule: "Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Columbus koma ndimakhala m'tauni ina yaing'ono yapafupi. Khonsolo ya tauni yathu ikufuna kukweza msonkho wa pa malipiro kuchoka pa 2 peresenti kufika pa 2.5 kuti akonze misewu, amange polisi yatsopano ndi holo ya masewero. Kumsonkhano anthu anatsala pang'ono kugwirana m'makolala. Ine amandidula kale msonkho wa boma lalikulu, wa Ohio, ndi wina wa Columbus. Kodi uku si kutibera? Nanga bwanji makhonsolo a kwathu sachita zomwezi kuti Lilongwe ndi Blantyre zisinthe?"

Mayi, tiyambe ndi thumba lanu, chifukwa mwina mukukwiyira ndalama imene simudzalipira n'komwe.

Tengani fomu ya W-2 imene abwana anu amakupatsani mu Januwale. Pansi pake pali timabokosi titatu, 18, 19 ndi 20. Ka 20 kamatchula mzinda umene unalandira msonkho, ka 19 kamanena kuchuluka kwake. Inu mupezapo Columbus, ndipo ndalamayo ndi 2.5 peresenti ya malipiro anu. Ku Ohio msonkho wa mzinda umayamba kudulidwa kumene munthu amagwira ntchito, osati kumene amagona. Tauni imene mumakhala nayo ili ndi ufulu wokulipiritsani, koma matauni ambiri amachotsera zimene mwalipira kale kuntchito. Kuchotsera kumeneku amakutchula kuti credit. Ngati tauni yanu imachotsera zonse, ndipo ikakweza msonkho ipitiriza kuchotsera mpaka pa 2.5, inuyo simudzawonjezera ngakhale senti imodzi. Amene adzamve kuwawa ndi mnzanu amene amagwira ntchito m'sitolo ya m'tauni momwemo, ndi dalaivala wochokera kutali amene kampani yake ili m'tauni yanuyo.

Koma ngati m'lamulo latsopanolo alembamo kuti azichotsera theka lokha, nkhani yatembenuka. Mudzalipira 2.5 ku Columbus, kenako tauni yanu idzakutumizirani kalata yofuna gawo lake, ndipo popeza abwana anu sakhala atalidula pa malipiro, mudzalipeza mu Epulo lili mulu umodzi. Kukweza msonkho kupitirira 1 peresenti ku Ohio kumafuna voti ya anthu, pomwe kuchepetsa credit makhansala ambiri amatha kuchita okha pa msonkhano wawo wa madzulo anthu ali kunyumba. Ndiye chinthu choyamba, pitani ku ofesi ya tauni kapena pa tsamba lawo la pa intaneti mukawerenge lamulolo ndi maso anu. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Tiyerekeze kuti mukadakhala mukugwira ntchito m'tauni momwemo, pa madola 18 pa ola, maola 40 pa sabata. Pa chaka ndi madola 37,440. Pa 2 peresenti msonkho ndi madola 748.80, pa 2.5 ndi madola 936. Kusiyana kwake ndi madola 187.20 pa chaka, kapena madola 7.20 pa malipiro a masabata awiri. Wina anena kuti imeneyo ndi ya khofi. Kwa munthu amene amatumiza fizi ndi ya feteleza kumudzi, madola 187 si khofi ayi.

Pamenepa ndi pamene pali dandaulo limene ine ndimaliona kuti ndi lomveka kuposa onse. Msonkho wa boma lalikulu la America uli ngati PAYE ya kwathu: gawo loyamba la malipiro salikhudza, ndipo peresenti imakwera malipiro akamakwera. Msonkho wa mizinda ya ku Ohio suli choncho. Umayambira pa dola yoyamba, ndipo peresenti ndi imodzi kwa wokolopa ndi kwa dokotala. Ngakhale ndalama imene mumasunga ku 401(k) pokonzekera ukalamba, imene boma lalikulu siliidula msonkho panopa, mzinda umaiwerengera. Pomwe penshoni, ndalama za Social Security (zimene boma lalikulu limapereka kwa opuma pantchito), chiwongoladzanja cha kubanki ndi phindu la masheya, mzinda sukhudza. Choncho mkulu wopuma pantchito wa nyumba yaikulu, amene amadya za masheya, akhoza kuvotera "inde" mosangalala podziwa kuti msewu wa pakhomo pake udzathiridwa phula ndi ndalama za ena. Ndinakhalapo pa msonkhano wotere m'tauni ina yaing'ono. Amene anadzaza mipando ya kutsogolo anali a imvi okhaokha, atanyamula mapepala, ndipo anayankhula bwino kwambiri. Amene msonkhowo unkawakhudza anali pa shifiti ya usiku.

Komabe musafulumire kuwatenga okalambawo ngati adani. Akuthawa msonkho wa nyumba, umene umakwera mtengo wa nyumba ukakwera ngakhale mwini wake alibe ndalama yatsopano. Gogo amene anagula nyumba zaka 40 zapitazo angathe kukhala ndi chuma pa pepala koma m'thumba muli mbee. Msonkho wa pa malipiro uli ndi ubwino umodzi umene palibe angautsutse: ntchito ikatha, nawo umatha. Ndipo inu amene mumachita lendi musaganize kuti msonkho wa nyumba sukukhudzani. Alandilodi amauika mu lendi mwakachetechete.

Mzinda woyamba ku America kudula msonkho pa malipiro unali Philadelphia, mu 1939, chuma chitagwa ndipo anthu ambiri akulephera kulipira msonkho wa nyumba. Unayamba pa 1.5 peresenti. Toledo inatsatira mu 1946, Columbus mu 1947, ndipo lero ku Ohio mizinda ndi matauni oposa 600 ali ndi msonkho wawowawo. Chifukwa chachikulu chimene mizinda ikuluikulu imaukondera ndi anthu onga inuyo. M'mawa uliwonse magalimoto amakhamukira mumzinda kuchokera m'matauni ozungulira. Anthuwo amayenda pa misewu ya mzinda, akachita ngozi amene amathamangirako ndi ozimitsa moto a mzinda, akaberedwa amaitana apolisi a mzinda, dzuwa likalowa n'kubwerera kwawo kumene amalipira msonkho wa nyumba. Komanso malo ambiri apakati pa mzinda ndi a boma, a zipatala, a mayunivesite ndi matchalitchi, amene salipira msonkho wa nyumba. Columbus ndi likulu la Ohio, ndipo Ohio State University ili momwemo. Popanda kudula pa malipiro a ogwira ntchito m'malo amenewa, mzinda ukanatsala ndi mtolo wonse pamutu pa eni nyumba ochepa.

Vuto lake ndi lakuti inu mumalipira ku Columbus koma simuvota ku Columbus. Anthu a mumzinda akavotera kukweza msonkho, gawo lalikulu la bilu limapita kwa anthu amene sanafunsidwe. Andale amadziwa zimenezi ndipo sabisa. Pa kampeni amanena poyera kuti ambiri olipira ndi akunja. Mizinda ina inayesa kuchepetsa mkwiyowu. Ku Michigan lamulo limati wochokera kunja alipire theka la zimene wokhala mumzinda amalipira, n'chifukwa chake ku Detroit ndi 2.4 peresenti kwa eni mzinda ndi 1.2 kwa obwera. Ku New York, aphungu a boma la chigawocho anathetseratu msonkho wa obwera kuntchito mu 1999, ndipo mameya akhala akuulira kuyambira pamenepo. Ine ndimaona kuti njira ya Michigan ili pafupi ndi chilungamo: wobwera amagwiritsa ntchito mzinda, koma osati usana ndi usiku.

Columbus inafika bwanji pa 2.5? Mu 2009, chuma cha dziko chitagwa, meya Michael Coleman anatseka malo ena a masewero a m'madera, anachotsa antchito, ndipo anachenjeza kuti apolisi ndi ozimitsa moto achepetsedwa. Mu Ogasiti chaka chimenecho anthu anavota, ndipo "inde" anapambana pang'ono chabe, msonkho n'kuchoka pa 2 kufika pa 2.5. Cleveland inachita chimodzimodzi mu 2016, nakonso mavoti anasiyana pang'ono. Chimene ndimachiyamikira ku Columbus ndi mwambo wake wakale wopatula kotala ya msonkhowu, dola imodzi pa madola anayi alionse, n'kuiika pambali kuti izibweza ngongole za zomangamanga. Mwambo umenewu ndi umodzi mwa zifukwa zimene obwereketsa amaukhulupirira mzindawu n'kumaupatsa ngongole pa chiwongoladzanja chotsika.

Mawu akuti ngongole muwagwire bwino, chifukwa kumsonkhano kuja mwina sanamveke. Tauni yanu sidzadikira kuti isonkhe ndalama zaka khumi kenako imange polisi. Idzagulitsa mabondi, kutanthauza kubwereka ndalama zonse lero, n'kulonjeza kubweza kwa zaka 20 kapena 30 kuchokera ku theka la peresenti limene akupemphalo. Ngongole ya chaka chilichonse ndi yokhazikika. Msonkho wa pa malipiro si wokhazikika. Tauni yaing'ono nthawi zambiri imadalira makampani awiri kapena atatu. Fakitale imodzi ikatseka, kapena ofesi yaikulu ikasamukira kutsidya kwa msewu kumene ndi tauni ina, ndalama zimagwa mwezi womwewo, koma wobwereketsa safuna kumva zimenezo. Amayamba kulipidwa ndi iye, ndipo chimene chimadulidwa ndi kutola zinyalala, kuchotsa chipale m'misewu, ndi malipiro a antchito. Ndiye mufunse makhansala kuti olemba ntchito khumi akuluakulu a m'tauniyo amabweretsa gawo lanji la msonkho wonse. Oyang'anira chuma amalidziwa yankho pamtima.

Mliri wa Covid-19 unawonjezera china. Anthu a m'maofesi atayamba kugwirira ntchito kunyumba mu 2020, funso linali lakuti msonkho upite kuti, kumzinda kumene kuli ofesi yopanda anthu kapena kutauni kumene munthu wakhala ndi kompyuta yake pa tebulo la kukhitchini? Aphungu a Ohio anakhazikitsa lamulo la kanthawi loti upitebe kumene kuli ofesi. Anthu anakasuma, ndipo khoti lalikulu la Ohio mu 2024, pa mlandu wa Schaad v. Alder, linati lamulolo linali lovomerezeka. Koma linali la nthawi ya mliri yokha. Panopa msonkho umatsata kumene munthu wagwirira ntchitoyo. Onani amene atsala: wa pa kompyuta akhoza kusankha kukhala kudera lopanda msonkho wa mzinda, pomwe inu simungasambitse gogo kudzera pa Zoom. Mtolo ukupendekera kwa anamwino, ophika, oyeretsa ndi a m'mafakitale. Ili ndi dandaulo limene sindinalimve mokwanira pa misonkhano yotere.

Otsutsa amanenanso kuti msonkho umathamangitsa makampani. Apa pali choona, koma chimadalira kukula kwa kusiyana. Philadelphia inafika pa 4.96 peresenti m'zaka za m'ma 1980, pomwe matauni oyandikana nawo ankadula pang'ono kapena osadula n'komwe. Mukayenda pa msewu wa City Avenue, umene ndi malire a mzindawu, muona nyumba za maofesi zitandandalika kutsidya, ku Bala Cynwyd, kunja kwa mzinda. Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990, nthawi ya meya Ed Rendell, mzindawu wakhala ukutsitsa msonkhowu pang'onopang'ono, ndipo tsopano uli pansi pa 4. Koma tauni yanu ikuchoka pa 2 kupita pa 2.5 pomwe mnansi wake wamkulu ali kale pa 2.5. Kampani ithawira kuti? Mantha amenewo pa nkhani yanuyi ndi ochepa mphamvu.

Chimene ndingakuuzeni kuti muchiyang'anitsitse koposa ndi mawu amene adzalembedwe pa pepala lovotera, ndipo phunziro lake lili ku Toledo. Mu 1982 anthu kumeneko anavomera msonkho "wa kanthawi" wa 0.75 peresenti. Kanthawi kameneko kakupitirirabe. Amakavoteranso zaka zingapo zilizonse, ndipo palibe meya angayerekeze kuyendetsa mzinda popanda ndalamayo. Kumayambiriro kwa 2020 meya Wade Kapszukiewicz anapempha kukweza msonkho wonse kufika pa 2.75 peresenti, n'kuikamo zinthu zambirimbiri: misewu, apolisi, mapaki, sukulu za mkaka. Anthu anakana. Mu Novembala chaka chomwecho anabweranso ndi pempho laling'ono, 0.25 peresenti, kwa zaka zinayi, ya misewu basi. Anthu anavomera. Anthu omwewo, chaka chomwecho, mliri uli mkati. Sanakane msonkho, anakana thumba lopanda pansi.

Tauni yanu yamanga mtolo umodzi wa misewu, polisi ndi holo ya masewero. Ine zimenezi sindizikonda. Makhonsolo amachita dala, kuti wofuna msewu avotere holo ndipo wofuna holo avotere polisi. Funsani ngati lamulolo likugawa ndalama ndi manambala, kapena likungoti "zitukuko ndi ntchito zina za tauni". Mawu atatu omalizawo ndi khomo limene ndalama za phula zimatulukira kupita ku malipiro. Funsaninso ngati msonkhowo uli ndi tsiku lothera, ndiponso ndani adzalipire magetsi, alonda ndi okonza holoyo ikamangidwa, chifukwa kumanga ndi kamodzi koma kusamala ndi chaka ndi chaka. Palinso kachinyengo kena kovomerezeka ndi lamulo: khonsolo imalandira ndalama zatsopano za misewu, n'kuchotsa zakale zimene inkaika ku misewu kupita nazo kwina. Pa pepala lonjezo lasungidwa, pa msewu maenje ali pomwepo. Mankhwala ake ndi chiganizo chimodzi m'lamulo choletsa kuchepetsa bajeti yakale ya misewu.

Ku Missouri anapeza njira ina yomangira andale. Kuyambira pa voti ya 2010, St. Louis ndi Kansas City amayenera kufunsa anthu zaka zisanu zilizonse ngati msonkho wawo wa 1 peresenti upitirire. Mu 2011, 2016 ndi 2021 anthu anati upitirire, ndi mavoti ochuluka. Kuipa kwake n'kwakuti wobwereketsa wa zaka 30 sakhulupirira ndalama imene ingathe pakatha zaka zisanu.

Chenjezo limodzi musanapite patali. Ngati simunakhale nzika ya America, musavote ndipo musalembetse m'kaundula wa voti, ngakhale wina pa tebulo la kampeni akuuzeni kuti ndi chisankho cha tauni chabe. Ohio inaika chiletso chimenechi m'malamulo ake aakulu mu 2022, ndipo kulakwitsa apa kungakuwonongereni mapepala onse. Koma kuyankhula pa msonkhano wa khonsolo, kulemba kalata, kupempha mabuku a chuma, zimenezo ndi zololedwa kwa aliyense wokhala m'tauniyo.

Tsopano za kwathu. Ndikumva chimene chikukupwetekani: mukaona galimoto ya zinyalala ikubwera tsiku lake lenileni, mumakumbuka milu ya ku Ndirande ndi ngalande zotsekeka za ku Mchesi. Ndipo vuto la obwera kuntchito liliko ndithu. A ku Lunzu ndi Mpemba amadzaza Blantyre m'mawa, a ku Nathenje ndi Mitundu amadzaza Lilongwe. Koma msonkho wa pa malipiro umagwira bwino kumene pafupifupi aliyense ali pa buku la malipiro la kampani. Ku Sweden makhonsolo ndi zigawo amatenga pafupifupi 32 peresenti ya malipiro, ku Japan msonkho wa okhala m'dera ndi 10 peresenti, ndipo zimatheka chifukwa boma limadziwa zimene aliyense amapeza. Kwathu olandira malipiro a pamwezi ndi ochepa: aphunzitsi, anamwino, apolisi, a m'mabanki ndi m'makampani. Amenewa MRA imawadula kale PAYE asanaione ndalama. Wa kabaza, wa kaunjika, mwini minibasi zisanu, alandilodi a nyumba khumi ku Area 25, onsewa msonkho wotere sungawapeze. Tingangofinyanso ng'ombe yomweyo imene yakamidwa kale.

Anansi athu anayesa njira yogwira aliyense, ndipo inawatentha. Tanzania inali ndi development levy, Uganda inali ndi graduated tax, misonkho ya pamutu imene makhonsolo ankatolera ndi zingwe ndi zotchinga m'misewu, amuna n'kumagona kutchire pothawa. Tanzania inauthetsa mu 2003, Uganda mu 2005, ndipo Uganda inadzabweretsa wina wofewa, local service tax, mu 2008. Ku Zambia makhonsolo akadali ndi personal levy, koma ndi yochepa kwambiri moti singamange mlatho. South Africa inathetsa mu 2006 misonkho ya RSC imene makampani ankalipira potengera malipiro a antchito ndi malonda awo. Ifenso tili ndi chikumbumtima chathu: msonkho wa nyumba wa atsamunda, kuyambira m'zaka za m'ma 1890 nthawi ya Harry Johnston, umene unkakankhira amuna ku thangata ndi ku migodi. Wandale amene angabweretse chinthu chofanana nawo ayenera kukhala wolimba mtima kapena wosadziwa mbiri.

Ndalama ya mizinda yathu ili m'nyumba ndi m'malo, chifukwa nyumba siithawa ndipo siibisika. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limapatsa kale makhonsolo mphamvu yotolera city rates. Chimene chimalephereka ndi kulemba nyumba zonse m'kaundula, kuwerengetsa mitengo yake pa nthawi yake, ndi kutolera kwa akuluakulu amene ali ndi ngongole, kuphatikizapo maofesi a boma lenilenilo. Mzimayi wogulitsa tomato amadula chiphaso cha msika tsiku lililonse dzuwa lisanakwere, pomwe nyumba ya mpanda wa njerwa ndi geti ya magetsi ikhoza kukhala zaka osalandira bilu. Khonsolo imene sinathe kutolera pamenepo ndilibe nayo chikhulupiriro choti ndiipatse dzanja m'malipiro a mphunzitsi.

Kubwerera ku tauni yanu: ndikanakhala ine, ndikanathandiza pempholi pokhapokha credit itatsala yonse mpaka pa 2.5 ndipo italembedwa m'mawu a pa pepala lovotera, ndalama zitagawidwa ndi manambala, ndiponso holo ya masewero itachotsedwa kuti ikaime payokha pa voti ina. Msonkhano wotsatira mupite ndi W-2 yanu m'chikwama. Nthawi ya mafunso amapereka mphindi zochepa kwa aliyense, ndiye muyambe ndi la credit, ndipo mupemphe kuti yankho lilembedwe m'maminitsi.